Sipeya ya pansi pa pikiapu ikakana kutsika, komanso za akuba aja

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina yemwe ali ndi Toyota Hilux ya double cab, yomwe amanyamulira feteleza ndi chimanga kumudzi. Akuti tayala lakumbuyo linaphulika ali pa msewu wafumbi, atati atsitse sipeya imene imakhala pansi kumbuyo kuja chinthu chinangokana kuzungulira, mpaka anatuma wa kabaza kukatenga makanika ku trading. Nde akufunsa kuti imatsitsidwa bwanji moyenera, komanso angaiteteze bwanji poti mnzawo anamubera sipeya ataimika galimoto mtauni masanasana, ndipo kumapeto akufunsa ngati tayala loti silinapondepo pansi lingawonongeke.

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi zomwe zinakuonekeranizo, kukhala pamsewu ndi katundu kumbuyo dzuwa likupita kukalowa si zocheza. Ine chomwe ndikufuna mutenge pano nchakuti sipeya imeneyi muziitsitsa muli pakhomo, tsiku lomwe palibe chavuta, osadikira kuti mukaphunzirire m'mbali mwa msewu. Ambiri amene sipeya imawakanira ndi oti chigulire galimoto sanaigwirepo ngakhale kamodzi, ndiye matope a dzinja lililonse amakhala akuunjikana pa kachipangizo kamene kamakweza ndi kutsitsa sipeyayo, madzi nkumalowa, dzimbiri nkugwira, pofika tsiku loifuna zonse zili gwa.

Tiyambe ndi katsitsidwe. Zitsulo zake zimabwera pamodzi ndi jeke, pa double cab nthawi zambiri zimakhala kuseri kapena pansi pa mpando wakumbuyo, ndi timitengo tachitsulo tiwiri kapena titatu tolumikizana, kamodzi kali ndi mutu wolowa mu kachipangizo kaja. Mukapita kumbuyo kwa galimoto yang'anani pakati pa chitseko cha kumbuyo ndi bampala, chapafupi ndi nambala puleti, mupeza kabowo. Lowetsani chitsulocho mowongoka mpaka mumve kuti chakola, ngati kuli mdima unikani ndi foni chifukwa anthu ambiri amangozungulitsa chitsulo chisanakole nkumati zawonongeka pomwe sichinafike pamalo pake. Chikakola zungulitsani chakumanzere, tayala liyamba kutsika pang'onopang'ono litalendewera pa tcheni, magalimoto ena ndi waya wachitsulo m'malo mwa tcheni koma kagwiridwe nkamodzi. Musasiye likangogunda pansi, pitirizani kuzungulitsa kuti tcheni chikhwefuke ndithu, kenako likokereni kunja, mupendeke kachitsulo kophwatalala kamene kamagwira pakati pa rimu nkukatulutsa pa bowo lapakati lija. Basi, latuluka.

Chinthu chimodzi chomwe ndimachinena mobwerezabwereza, tsitsani sipeya galimoto isanakwere pa jeke. Kokani handibuleki, ikani mu giya, tsekerezani mawilo ndi miyala, ikani ma triangle anu, tsitsani sipeya, masulani manati pang'ono tayala lidakali pansi, kenako ndiye mukweze. Ndipo musalowetse thupi pansi pa galimoto yomwe yaima pa jeke yekha, makamaka ili ndi matumba kumbuyo pa dothi lofewa, jeke amatitimira kapena kupendama mosachenjeza ndipo anthu avulala nazo zimenezi. Kathabwa kolimba koika pansi pa jeke muzikhala nako m'galimoto nthawi zonse.

Tsopano ikakana ngati mmene inakukanirani. Musaike chipaipi chachitali pa chitsulocho nkumakanikiza ndi mphamvu zonse, mumangothyola mano a mkati ndiye vuto lakula. Yambani mwachotsa matope ouma ndi kamtengo kapena bulashi yawaya, thirani WD-40 kapena oyilo aliyense wopyapyala pa kachipangizoko ndi pa tcheni pomwe chikulowera, dikirani alowerere, gogodani pang'ono ndi sipanala, kenako muzizungulitsa uku ndi uku, kumanja pang'ono kumanzere pang'ono, mpaka zitayamba kuyenda. Ngati muli awiri wina azikankha tayalalo m'mwamba kapena kuligwedeza kuti kulemera kuchoke pa tcheni. Nthawi zina vuto si dzimbiri nkomwe koma tcheni chinapiringizana pomwe wina anachikweza chopanda tayala, kapena anakweza ndi mfuti ya mpweya ija ya kumalo okonzera matayala. Mfuti imeneyo musalole kuti aiike pamenepo, ndi pofunika dzanja basi. Zikakanika zonsezi, makanika amasula mabawuti a kachipangizo konseko, ndipo ngati mano atha kapena waya wayamba kuthothoka ulusi ingogulani china, chowotcherera pamenepa ine sindichikhulupirira chifukwa tayala la pikiapu ndi rimu yake ndi katundu wolemera, likagwa pa M1 galimoto ikuthamanga, amene ali kumbuyo kwanu ndiye ali pa ngozi.

Pobwezera, goneketsani tayala pansi, lowetsani kachitsulo kaja pa bowo lapakati muonetsetse kuti kakhala bwino mopingasa, kenako zungulitsani chakumanja likukwera mukuliyang'ana kuti lisakole ekizozi kapena china chake. Mbali yoyang'ana kumwamba opanga amasiyana, ena amati valavu kumwamba ena pansi, nde onani m'buku la galimoto yanu. Likafika mangani mpaka lilimbe, kenako liponderezeni ndi phazi kapena ligwedezeni ndi manja awiri. Likasuntha ndiye kuti silinamangike, ndipo tayala lomangidwa mokhwefuka limagunda pa bampu iliyonse mpaka tcheni chimadyeka, phokoso la gu gu lomwe anthu ena amaliyesa la ma shock nthawi zina limachokera pamenepa.

Za akuba. Zoona zake nzakuti chitsulo chotsitsira chija si kiyi, wina aliyense amene ali ndi chofanana nacho atha kutsitsa sipeya yanu mwakachetechete inu muli mu shopu, ena amangodula tcheni kapena waya. Magalimoto ena amabwera ndi loko pa kabowo kaja koma ambiri alibe. Chomwe ndimalangiza ndi tcheni chachiwiri chochindikala, chodutsa m'bowo la rimu nkuzungulira chitsulo chopingasa cha chesesi, nkutseka ndi loko wabwino. Samalani pomwe mukudutsitsa, chisakhudze mapaipi a mabuleki, mawaya a magetsi kapena ekizozi, ndipo chisalendewere kuti chizikokera zitsotso. Tcheni chimenechi chimathandizanso kugwira tayala ngati chokwezera chija chitaduka. Koma loko wokhala pansi pa galimoto amamwa madzi ndi matope tsiku ndi tsiku, musamuiwale, muthireni oyilo nkumukulunga ndi kachidutswa ka chubu chakale, apo ayi mudzadzitsekera nokha sipeya yanu. Kiyi wake akhale pamodzi ndi makiyi a galimoto, osati m'kabati kunyumba. Poimika mtauni, ngati pali khoma, bwererani chambuyo mpaka kumbuyo kuyandikire khomalo, wakuba amasowa poimirira.

Funso lanu lomaliza ndi lomwe anthu amalipeputsa. Eya, tayala limakalamba ngakhale lisanayendepo. Labala amauma nkuyamba ming'alu, makamaka poti pansi paja pamafika kutentha kwa ekizozi, madzi ndi miyala. Yang'anani m'mbali mwa tayala pomwe palembedwa DOT, manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. A Michelin, kampani yopanga matayala, amalangiza kuti tayala likadutsa zaka 5 lizionedwa ndi odziwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwinobwino, sipeya yomwe. Inu amene galimoto munagula yoyendapo kale mutha kupeza kuti sipeyayo ndi yomwe inachokera nayo ku fakitale, mano ali atsopano koma m'mbali muli ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, limenelo pansi pa matumba a feteleza silifika patali.

Mpweya nawonso umatuluka pang'onopang'ono ngakhale popanda kubooka, nde mukamapopa ena aja pa filing'i muzikumbukanso ili, mulingo wake walembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pamakhala wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza, sipeya ipopeni wa yodzaza chifukwa kuchepetsa mpweya pamsewu nkosavuta kusiyana ndi kuwonjezera. Onaninso saizi, ngati anayi aja ndi 265/65 R17 sipeya ikhalenso yomweyo, matayala osiyana kukula pa ekiselo imodzi amavutitsa difu, bokosi la magiya lomwe limagawa mphamvu ku mawilo, makamaka mukalowetsa 4x4. Ngati galimoto ili ndi ma rimu a aloyi koma sipeya ndi yachitsulo, yesani pakhomo ngati manati ake akugwira bwino, komanso ngati sipanala yanu ikulowa pa manati onse.

Ine ndimati muziitsitsa mvula isanayambe cha mu Okutobala, komanso ikatha cha mu Epulo kapena Meyi. Tsukani tcheni ndi rimu, ziume, pakani girizi pang'ono chabe poti wochuluka amakola mchenga, tsitsani ndi kukweza kangapo kuti alowe mkati. Amene amayendetsako galimotoyo, kaya ndi mayi akunyumba kaya mnyamata wanu, akhale pomwepo agwire yekha chitsulocho. Ndipo tayala lomwe linaphulika lija musalipachike pansi nkuiwala, likonzetseni kapena gulani lina sabata yomwe ino, manati a wilo lomwe munasinthalo muwayesenso ndi sipanala mukayenda makilomita ngati 50.