Akweza mtengo wa madzi pa kiyosiki osatifunsa: titani?

Mayi, mwalemba kuti komiti ya kiyosiki ya kwanu yakweza mtengo wa ndowa ya malita 20 popanda msonkhano, ndipo wogulitsa madzi akungoti "ndi a Water Board". Mukufuna kudziwa ngati zimenezi n'zololedwa.

Pa ndowa yanuyo pali mitengo iwiri. Woyamba ndi umene bodi ya madzi imalipiritsa kiyosiki. Mabodi asanu aja, a Blantyre, Lilongwe, Kumpoto, Pakati ndi Kummwera, amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995, ndipo sangakweze mtengo mwa okha. Amapempha kaye chilolezo ku boma kudzera kwa nduna yoona za madzi.

Wachiwiri ndi umene bungwe la ogwiritsa ntchito madzi, lija timangoti WUA, limaikapo kuti lilipire bilu, ogulitsa ndi kukonza mipope. Mlandu wanu uli pamenepa. WUA ili ndi malamulo ake olembedwa, ndipo m'menemo ndi momwe mwalembedwa amene ali ndi mphamvu yosintha mtengo komanso m'mene msonkhano umaitanidwira. Ambiri sanawaonepo n'komwe. Pitani kwa mlembi mukawapemphe, pamodzi ndi mfundo za msonkhano umene unavomereza mtengo watsopanowu ndi bilu ya miyezi itatu yapitayi. Lembani kalata, asaine anthu angapo a m'dera, kope lina musunge. Zapakamwa zimakanidwa mawa lake. Mukayerekeza bilu ija ndi mtengo wa ndowa, mudzaona nokha ngati zokwezazo zachokeradi ku bodi kapena wina wangobisalira dzina lake.

Akakana, kadandauleni ku ofesi ya bodi yoyang'anira makiyosiki. Bodi ndi bungwe la boma, choncho gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa molemba pa chigamulo chokhudza inu. Ikangokhala chete, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo otere kwaulere.

Ku Khoti Lalikulu mungathe kupempha kuti liunike chigamulo cha bodi, koma pasadutse miyezi itatu, ndipo kumeneko kumafuna loya ndi ndalama. Ine sindingakuthamangitsireni kumeneko pa nkhani ya ndowa.

Pakadali pano musasiye kulipira, ndipo musalole achinyamata athyole loko wa pa kiyosiki. Umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo ngongole ikachuluka bodi idzangodula madzi a dera lonse.