"On time", "in time" ndi ndege imene inandisiya

Mchemwali wina wanditumizira imelo kufunsa kusiyana kwa "on time" ndi "in time". Akuti anzake akuntchito anamuseka atasokoneza mawuwa pamsonkhano. Mchemwali, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa ine mawu a nthawi a Chingerezi anandilizapo.

Unali ulendo wanga woyamba wa pandege. Patikiti analemba kuti "Saturday, 12:30 a.m." Ndinawerenga kangapo, mtima uli m'malo. Loweruka ndinasita zovala, n'kutsanzika abale, ndipo pomakwana 9 koloko usiku n'kuti ndili kale pabwalo la ndege, chikwama chili m'manja. Mayi wa pakauntala anayang'ana tikiti ija, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso tikiti. "Pepani bambo, ndege yanu inanyamuka usiku wathawu." Ndinangoti kakasi, m'kamwa muli gwa. Kwa ine usiku wa Loweruka ndi umene umabwera dzuwa la Loweruka likalowa. Koma pa wotchi tsiku limayamba 12 koloko pakati pa usiku, ndiye 12:30 a.m. ya Loweruka ndi uja timati usiku wa Lachisanu. Ndalama zimene ndinasunga miyezi yambirimbiri zinangolowa m'madzi, ndipo ndinalira pomwepo anthu akuona.

Pambuyo pake m'pamene ndinadziwa kuti a.m. ndi p.m. si Chingerezi n'komwe. Ndi Chilatini: "ante meridiem", dzuwa lisanafike paliwombo, ndi "post meridiem", litapendeka. Nanga 12 koloko yeniyeniyo ili mbali iti? Anthu anangogwirizana kuti 12 p.m. ikhale masana, 12 a.m. ikhale pakati pa usiku. Ine mpaka lero ndimati aliyense wolemba nthawi patikiti kapena pakalata ya mayeso azilemba 00:30, kapena mawu oti "noon" ndi "midnight". Kulemba 12:30 a.m. n'kutchera anthu msampha, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Ndiye anzanu akukusekaniwo, kodi akudziwa kuti eni chinenerowo nawonso amasokonezana? Munthu wa ku London akati "half seven" akunena 7:30, pamene Mjeremani akati "halb sieben" m'chinenero chake akunena 6:30. Wa ku America akalemba 03/04 ndiye kuti pa 4 Malichi, wa ku Britain ndiye kuti pa 3 Epulo. Nenani "next Friday" tsiku Lolemba, muona wina akufunsa kuti Lachisanu lake liti, likubwerali kapena la sabata yamawa. Ku Johannesburg munthu akakuuzani kuti abwera "just now", khalani pansi, mudikira ndithu. Kuseka munthu amene akulimbana ndi zinthu zoterezi ndi nkhanza basi. Kusukulu tinaloweza pamtima "at, on, in" ngati nyimbo: "at 5 o'clock", "on Monday", "in June". Zimenezo n'zoona ndipo zimathandiza, koma palibe anatiuzapo kumene kuli maenje enieni.

Tsono funso lanu lija

Ndisanayankhe, palinso "by" ndi "until" amene amapweteketsa anthu kuntchito. Abwana akati lipoti lifike "by Friday", akunena kuti lisapyole Lachisanu, ngakhale mutapereka Lachitatu palibe vuto. "Until Friday" ndi mpaka Lachisanu, chinthu chikupitirira kufikira tsikulo, monga ofesi yotseka "until Friday".

"On time" ndi kusunga nthawi imene munapangana: msonkhano wa 9 koloko, inu mwafika 9 koloko. "In time" ndi kufika zinthu zisanakupitirireni, mpata ukadalipo: "We got to the hospital in time", tinafika kuchipatala zisanafike poipa. Mukawonjezera "just", kuti "just in time", ndiye kuti munangotsala pang'onong'ono kuchedwa.