Kodi nsomba yakufa yosungidwa m'botolo ili ndi phindu lanji?

Mphunzitsi wina wa ku Domasi wanditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake anaona chithunzi cha nsomba yachilendo ya m'nyanja yamchere itasungidwa m'nyumba yosungiramo zachilengedwe, ndipo akufuna kudziwa chifukwa chimene anthu amasungira nsomba yakufa zaka zambirimbiri.

Aphunzitsi, anawo muwasimbire za nsomba yotchedwa coelacanth. Pa 22 Disembala 1938, asodzi ku South Africa anavuula nsomba imene sankaidziwa, kufupi ndi pamene mtsinje wa Chalumna umathira m'nyanja. Mayi Marjorie Courtenay-Latimer, amene ankayang'anira nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku East London, anaiona pamulu wa nsomba zina: yabuluu yamawanga oyera, yamamba olimba, yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo zipsepse zake zinali zaminofu ngati timiyendo. Akatswiri ankangodziwa mtundu wake kuchokera ku mafupa osanduka miyala, ndipo ankakhulupirira kuti unatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chimene chinatsatira. Inali nyengo yotentha, eni malo oziziritsira zinthu anakana kuilandira, ndipo mankhwala oletsa kuwola a formalin amene mayiyu anapeza anali ochepa, moti nsomba inayamba kuwola kalata imene analembera katswiri wa nsomba J.L.B. Smith isanayankhidwe. Zam'mimba zinatayidwa, kunangotsala chikopa ndi mutu. A Smith ataiona mu Febuluwale 1939 anaitcha Latimeria chalumnae, koma anadikira zaka 14 kuti aone ina yathunthu, imene inagwidwa mu Disembala 1952 pachilumba cha Anjouan ku Comoros, kumene asodzi ankaidziwa kale ndi dzina lakuti gombessa.

Phindu losunga linaonekera bwino ku New York. Mu 1975 akatswiri a ku nyumba yosungiramo zachilengedwe ya American Museum of Natural History anatumbula coelacanth yaikazi imene inakhala zaka zambiri m'mankhwala, ndipo anapezamo ana asanu. Apa ndi pamene zinatsimikizika kuti nsombayi siikira mazira kunja koma imabereka ana amoyo. Mu 1991 ina inagwidwa kwa anansi athu ku Mozambique, ili ndi ana 26.

Kasungidwe kake ndi kotere: nsomba imayamba yaviikidwa mu formalin kuti mnofu ulimbe, kenako imatsukidwa n'kuikidwa mu spiriti wa ethanol, kawirikawiri wa 70 peresenti. M'botolomo amaikamo kapepala konena malo, tsiku ndi amene anaigwira. Kwa ine kapepalaka n'kofunika mofanana ndi nsombayo, pakuti popanda iko palibe angadziwe kumene inachokera.

Ife a ku Zomba nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Wofuna kudziwa ngati matemba ndi makumba a lero akufanana kukula ndi amene makolo athu ankagwira ku Kachulu, adzafunika nsomba zosungidwa kalelo kuti ayerekeze. Anawo mupite nawo ku National Herbarium kuno mumzinda, kumene zomera zouma zimasungidwa pa cholinga chomwechi, ndipo mupemphe kuti awaonetse timapepala tolembedwa pa chomera chilichonse.