Musathamangire kugula khadi ina, yambani ndi settings

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: chomwe chikukupatsani chizungulire ndi nseru mukasewera magemu a first person (aja mumaona ngati ndi maso a munthu wa mu gemuyo), ngati mugule graphics card ina, komanso monitor yabwino. Za monitor ayankha ena. Koma amene akuuzani kuti gulani khadi yatsopano akufuna mutaye madola mazana atatu kapena anayi pa vuto lomwe mwina lithera mu menu momwemo. Mwanena nokha kuti gemu ikuyenda pa 60 fps (mafelemu 60 pa sekondi) osatsika. Ndiye khadiyo yalakwanji?

Chinthu choyamba, siyani kudalira preset, ma settings a graphics okonzedwa kale monga High kapena Ultra. Mukasankha Ultra, gemu imayatsa chilichonse, kuphatikizapo zinthu zomwe sizikongoletsa chithunzi koma zimangotsanzira kamera ya filimu. Lowani mkati muzizimitsa chimodzichimodzi.

Yambani ndi motion blur. Iyi ndi ija imachititsa chimbuuzi mukatembenuka mwachangu. Pa 30 fps ili ndi ntchito yake, chifukwa felemu iliyonse imakhala pa sikirini pafupifupi ma millisecond 33 ndipo blur imabisa kudumphadumpha kwa chithunzi. Pa 60 fps nthawiyo imatsika kufika pafupifupi 17, ndiye palibe chambiri chobisa, mwangotsala ndi chimbuuzicho. Magemu ena amasiyanitsa blur ya kamera ndi ya zinthu zoyenda. Mukapeza zotero, zimitsani ya kamera, inayo mutha kuisiya, sivutitsa kwenikweni.

Kenako field of view (FOV), kukula kwa malo omwe mukuona pa sikirini, ndipo apa ndi pomwe ndikukayikira kwambiri. Magemu ambiri amapangidwa poganizira munthu wokhala patali ndi TV, ndiye amabwera ndi FOV yopapatiza, cha m'ma 60 kapena 70. Inu muli pafupi ndi monitor, maso akuona ngati mukusuzumira mu paipi, pomwe thupi lakhala phee pampando. Maso akunena kuti mukuthamanga, khutu lamkati likunena kuti simunasunthe, nseru n'kuyamba. Ikwezeni ifike cha m'ma 90, muone. Musapitirire kwambiri, chifukwa m'mbali chithunzi chimayamba kutambasuka, komanso fps imatsikako popeza khadi ikujambula malo ambiri. Pamenepo zimitsaninso head bob ndi camera shake, zomwe zimagwedeza chithunzi mukamayenda kapena china chikaphulika. Izi nthawi zambiri amazibisa ku gameplay kapena ku accessibility, osati ku graphics, ndiye ambiri amangoganiza kuti kulibe.

Tsopano chomwe chimandikwiyitsa ine ndi chromatic aberration. Ndi timizere tofiira ndi tabuluu tija m'mphepete mwa zinthu, makamaka chakumakona a sikirini. Pa kamera yeniyeni limeneli ndi vuto la lenzi, ndipo opanga malenzi amawononga ndalama zambiri kuti alichepetse. Ndiye wina n'kuliika dala mu gemu! Ndinagulapo gemu ina pamtengo wathunthu, madola cha m'ma 60, yomwe inabwera ndi chromatic aberration, film grain (timadontho ngati ta filimu yakale) ndi vignette (mdima wa m'makona) zonse zoyaka, popanda batani lozimitsira ngakhale limodzi. Mutu unkandiwawa madzulo aliwonse ndikasewera. Anthu anadandaula, update inabwera, anakonza zina koma batanilo osaika. Ndalama zija zinapita basi, gemuyo ili mu library mpaka pano. N'chifukwa chake ndikuti gemu iliyonse mukangogula, tsegulani menu ya graphics musanayambe n'komwe nkhani yake. Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imabweza ndalama ngati simunadutse maola 2 mukusewera komanso masiku 14 chigulireni, ndipo maola awiriwo amatha msanga mukamaonera ma cutscene. Chabwino koposa, musanagule onani tsamba la gemuyo pa PCGamingWiki, amalemba zomwe zimazimitsika ndi zomwe sizizimitsika.

Ngati batani palibe ndipo gemuyo inapangidwa ndi Unreal Engine (pulogalamu yopangira magemu), pali njira yakumbuyo. Pezani fayilo ya Engine.ini mu AppData, Local, dzina la gemu, Saved, Config, kenako WindowsNoEditor kapena Windows. Pansi pa mutu wa SystemSettings, wolembedwa m'mabulaketi amakona, lembani r.MotionBlurQuality=0, r.SceneColorFringeQuality=0 ndi r.DepthOfFieldQuality=0, uliwonse pa mzere wake. Sungani kope la fayiloyo kaye. Magemu ena amafufuta zomwe mwalemba mukangowatsegula, ndiye muiike pa read-only. Ena samvera n'komwe.

Chenjezo lalikulu: izi chitani pa magemu osewera nokha. Pa magemu a pa intaneti okhala ndi anti-cheat (pulogalamu yogwira achinyengo) musakhudze mafayilo, ndipo uja wanena kuti "ingoikani ReShade basi" sanakuuzeni zonse. ReShade ndi pulogalamu yosintha maonekedwe a chithunzi, imalowa mkati mwa gemu ikamayenda, ndipo gemu ya PUBG inaitsekereza mu 2018. Akaunti yomwe mwaigwirira ntchito zaka zambiri siyoti muiike pachiswe chifukwa cha film grain. Samalaninso ndi ma mod otsitsa pa malinki osadziwika omwe amalonjeza kuchotsa blur yonse ndi batani limodzi.

Mukazimitsa zonsezi chithunzi n'kumaonekabe chofewa ngati chapakidwa mafuta, wolakwa ndi TAA (njira yosalaza m'mphepete mwa zinthu) kapena upscaling. Njira za upscaling monga DLSS, FSR ndi XeSS zimajambula gemu pa resolution yotsika kenako n'kuikweza, ndipo pa sikirini ya 1080p mode ya Performance ya DLSS ndi FSR imayambira pa 540p. Ikani pa Quality kapena zimitsani, popeza fps muli nayo kale yokwanira. Depth of field, ija imachititsa chimbuuzi pa zinthu zomwe kamera sinalunjikepo, ine ndimaisiya ngati imagwira pa ma cutscene okha, apo ayi nayonso ichoke.

Sinthani chinthu chimodzi, sewerani pang'ono, kenako china, kuti mudziwe chomwe chimakudwalitsani. Ndipo musasewere mumdima, yatsani getsi kumbuyo kwa monitor. Tiuzeni dzina la gemuyo, mwina wina muno akudziwa pomwe anabisa batani la FOV.