Amalume, masambawo musawatenthe

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu wa m'mawa uja, woti mukufuna ana atenthe masamba amene aunjikana pansi pa mango ndi mapeyala, poti pakuoneka uve komanso mukuopa njoka. Chonde, auzeni asunge kaye machesiwo. Ndilankhula motalikirapo, mundipirire.

Mukudziwa, mtengo uja mizu yake imakatenga chakudya pansi, n'kuchikweza m'masamba. Tsamba likamakalamba, mtengo umayamba wachotsamo china mwa chakudyacho, makamaka nayitulojeni, n'chifukwa chake limachita chikasu lisanagwe. Koma sikuti umachotsamo chonse ayi. Kashiamu wambiri amatsala momwemo, potaziyamu, ndi nayitulojeni wina ndithu. Ndiye mukatentha, nayitulojeni ameneyu amapita ndi utsi. Yemwe uja timamugula modula m'thumba la Urea, amalume! Chotsala ndi phulusa. Inde lili ndi potaziyamu, sindikana, koma kamvulumvulu wa mu Okutobala akadutsa, kapena chizimalupsa chikagwa, phulusalo lapita kudambo.

Mawa mupite pa maboloma aja a kuseri kwa khola, paja sipafika tsache. Mukankhe masamba a pamwamba ndi ndodo. Apamwambawo ndi ouma, olira tswatswa, koma apansi mupeza akuda, ofewa, omatana, ena ali ndi tiulusi toyera ngati thonje. Chimenecho ndi chuku, ndicho chimafewetsa tsamba. Chiswe chimabwera kudzadula n'kukokera pansi, ndipo mvula ikayamba abongololo ndi nyongolotsi nawonso amalowapo. Kumapeto kwenikweni ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timeneti ndi timene timamasula chakudya chija kuti mizu ithe kumwanso. Mutapepo dothilo m'manja. Lozizira, lakuda, lofumbutuka. Kenako mukayerekeze ndi pabwalo pamene azakhali amasesa tsiku ndi tsiku, polimba ngati simenti, mvula ikagwa madzi amangodutsa pamwamba.

Mapeyala ndiye amandikhudza kwambiri. Mizu yake yodyera ili pamwamba penipeni, mungoipeza ngakhale mutakanda ndi chala. Mukamasesa ndi kutentha pamenepo mukuiwamba ndi dzuwa ndi moto womwe. Ndikukhulupirira kuti n'chimodzi mwa zifukwa zimene mtengo wa pakhomo uja umayoyola timapeyala tating'ono kukatentha.

Tsono chochita ndi ichi. Anawo asese ndithu pafupi ndi nyumba, pamenepo pakhale poyera chifukwa cha njoka zija, ndipo udzu wozungulira autchetche. Masambawo akawayale pansi pa mitengo, osaunjika mulu ayi, kungophimbira, kukhuthala kwake ngati zala zinayi. Afike nawo mpaka pamene pamathera mthunzi masana, chifukwa mizu yodyera yambiri ili kumeneko, osati patsinde. Patsinde penipenipo asiyepo malo, ngati kutalika kwa phazi lanu kuzungulira, kuopa kuti khungwa lingawole ndi chinyezi kapena chiswe chingayambe kukwera.

Masamba a mango ndi ouma mutu, amachedwa kuwola, ena mudzawaona dzinja lonse latha akadali ndi maonekedwe awo. Kuti afulumire, muwazepo ndowe kapena zitosi za nkhuku zoti zagonera, ndi masamba aawisi a gilisidiya ngati alipo. Zimenezi zili ndi nayitulojeni wambiri, ndiye tizilombo tija timapeza mphamvu yogayira zoumazo. Madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri nawonso azithira pomwepo.

Chimodzi chokha chimene musasiye pansi ndi mango ogwa owola. Amenewo muli mphutsi za ntchentche za zipatso. Zikatuluka zimalowa m'dothi, n'kudzatuluka ntchentche zoboolanso mango ena ali mumtengo. Ana azitola, kaya kawiri pa sabata, n'kukwirira m'dzenje lakuya, lopitirira theka la mita, n'kutsendera dothi bwinobwino. Nthambi zimene zauma ndi matenda, zija za mawanga akuda, izo mudule mukatenthere kutali ndi mitengo.

Ndibwera kumapeto kwa mwezi, tidzayale limodzi pa malalanje aja a kumunsi. Munditumizireko chithunzi cha zimene mupeze pansi pa mabolomawo. Mupereke moni kwa azakhali.