Dzuwa likalowa, mphepo n'kuleka, gridi iziyenda bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa sayansi kusekondale. Mwachidule anati: "Ana m'kalasi mwanga akundifunsa kuti, poti magetsi a dzuwa ndi a mphepo akuti ndiwo otchipa tsopano, bwanji mayiko sangoyala mapanelo paliponse n'kutseka masiteshoni a malasha? Komanso mnzanga wina akuti sola yomweyo ndi imene inathimitsa magetsi ku Spain. Anawa ndiwayankhe chiyani?"

Aphunzitsi, pa nkhani ya mtengo ana anuwo sakulakwa. Pakati pa 2010 ndi 2020, mtengo wopangira magetsi m'minda ikuluikulu ya sola unatsika ndi maperesenti opitirira 80, ndipo wa mphepo nawonso unagwa kwambiri. Kupanga magetsiwo sikulinso kovuta. Pagona nkhani ndi powalowetsa mu gridi, ukonde uja wa nthambo, mathiransifoma ndi masiteshoni umene umalumikiza opanga magetsi ndi aliyense woyatsa babu. Ndineneretu kuti ine ndimafuna sola ndi mphepo zichuluke, ndiponso mwamsanga. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamamva anthu akulankhula ngati kuti kugula mapanelo ndiye kumaliza ntchito.

Choyamba anawo adziwe kuti gridi ilibe nkhokwe. Magetsi amene akuwiritsa madzi m'ketulo panopa akupangidwa panopa pomwe. Sekondi iliyonse, opangidwa ayenera kufanana ndi ogwiritsidwa ntchito. Chimene chimaonetsa ngati zikufanana ndi frequency, imene tingati ndi kugunda kwa mtima wa gridi: maulendo 50 pa sekondi ku Africa, ku Europe ndi mbali yaikulu ya Asia, ndipo 60 ku North America. Ogwiritsa ntchito akachuluka kuposa opanga, kugundako kumatsika. Opanga akachulukitsa, kumakwera. Kukapatuka kwambiri, makina amadzichotsa okha podziteteza, ndipo akachoka ena, otsalawo amalemedwa nawonso n'kuchoka, mpaka dziko lonse lili bii.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amapadumpha. Siteshoni ya malasha, ya gasi kapena ya madzi imapukusa magetsi ndi jenereta yachitsulo yolemera matani ambirimbiri. Pa gridi ya 50, majenereta ambiri oyendera nthunzi amazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndipo onse olumikizidwa pa gridi imodzi amayendera limodzi ngati kuti anawamangirira pa mtanda umodzi. Siteshoni ina ikazima mwadzidzidzi, zitsulo zonsezo siziima pompo. Kulemera kwake kumazikankhabe, ndipo mphamvu ya kuzungulirako imalowa mu gridi yokha, popanda munthu kudina batani. Zimenezi zimachedwetsa kutsika kwa frequency kwa masekondi ochepa, koma masekondi amenewo ndi amene makina ena amafuna kuti adzuke n'kuthandiza. Akatswiri amautchula mkhalidwe umenewu kuti inertia. Majenereta omwewo amathandizanso kugwira voteji, mphamvu yokankha magetsi m'nthambo, kuti isakwere kapena kutsika mopyola. Kwa zaka zoposa 100 thandizo limeneli linkabwera ngati basela, moti ambiri sankaliganizira n'komwe.

Panelo la sola lilibe chozungulira. Limatulutsa magetsi oyenda mbali imodzi, ndipo inveta ndi imene imawasandutsa kuti agwirizane ndi a mu gridi. Makina ambiri amphepo a masiku ano nawonso amalumikizidwa kudzera m'zipangizo za mtundu womwewo, ndiye ngakhale mapiko ake ndi olemera, kulemerako sikufika mu gridi pakokha. Mainveta ambiri amene alipo amamvera kaye kugunda kwa gridi kenako n'kutsatira. Sayambitsa okha. Ndiye mukamachotsa majenereta akale mmodzimmodzi, mukuchotsanso amene ankapereka kugunda kumene mainvetawo amatsatira.

Tsiku lina ndinaima pafupi ndi inveta ya mapanelo a padenga, maso ali pa kasikirini kake. Kunali kowala bwino, nambala ikusewera pafupi ndi mawati 3,000. Kenako mtambo umodzi, osati wamvula, woyera ndithu, unadutsa. Ndisanathe n'komwe kukweza mutu kuti ndiuone, nambala ija inali itagwa kufika pansi pa 1,000. Mtambo utapita inabwereranso. Padenga limodzi zimenezi n'zochititsa mantha, koma mtambo umodzi suphimba dziko lonse nthawi imodzi. Mapanelo akamwazikana m'madera otalikirana, kugwa kwa apa kumakumana ndi kukwera kwa uko. Ndipo nyengo imaloseredwa. Pa 20 Malichi 2015 kunachitika kadamsana ku Europe, pa nthawi imene Germany inali kale ndi sola yambiri. Oyendetsa gridi anakonzekera miyezi ingapo pasadakhale, dzuwa linabisika n'kutulukanso, magetsi osathima.

Tsono mnzanu uja wa nkhani ya Spain. Pa 28 Epulo 2025, itangodutsa 12:30 masana, magetsi anathima pafupifupi ku Spain ndi Portugal konse. N'zoona kuti pa nthawiyo sola inali yambiri mu gridi. Koma lipoti la boma la Spain limene linatuluka mu Juni chaka chomwecho linaloza pa voteji: inakwera, zipangizo zoigwira sizinakwanire, ndipo masiteshoni anayamba kudzichotsa motsatizana. Ena mwa masiteshoni akale amene anapatsidwa ntchito yogwira voteji sanaichite mokwanira, ndipo malamulo a nthawiyo sankapatsa minda ya sola ndi mphepo ntchito yowongolera voteji mosinthasintha, ngakhale mainveta amakono amatha kutero. Mnzanuyo waona utsi, koma moto uli pena. Gridi inasintha, kayendetsedwe kake n'kutsalira m'mbuyo.

Aka sikanali koyamba. Ku Germany kunali lamulo loti mainveta a padenga azidzichotsa frequency ikafika 50.2. Pamene mapanelo anali ochepa linali lamulo lanzeru. Atachuluka, anthu anazindikira kuti tsiku lina onse adzachoka pa sekondi imodzi, ndipo kuyambira 2012 anayamba ntchito yosintha mainveta zikwi mazanamazana. Ku South Australia, chimodzi mwa zigawo za Australia, pa 28 Sepitembala 2016, mkuntho unagwetsa nsanja za nthambo zikuluzikulu. Minda ingapo yamphepo inachepetsa magetsi chifukwa inatcheredwa kuti idziteteze voteji ikagwedezeka kangapo motsatizana, nthambo yochokera kuchigawo choyandikana nacho cha Victoria inalemedwa n'kuzima, chigawo chonse mdima. Anthu a kumeneko sanazule makina amphepo. Anasintha katcheredwe kake. Kumapeto kwa 2017 anatsegula batire la Hornsdale la mamegawati 100 (megawati imodzi ndi mawati miliyoni imodzi), limene limayankha frequency ikagwedezeka sekondi isanathe, mwachangu kuposa jenereta iliyonse. Mu 2021 anaikanso makina anayi otchedwa synchronous condenser, amene ndi majenereta olemera ongozungulira osawotcha kanthu, ntchito yake kubwezera inertia ndi kugwira voteji. Lero chigawochi chimapeza pafupifupi magawo 7 mwa 10 a magetsi ake kuchokera ku mphepo ndi dzuwa. Palinso mainveta atsopano otha kuyambitsa okha kugundako m'malo modikira, ndipo mabatire akuluakulu ambiri akuikidwa nawo.

Vuto limene ana anu aliona msanga ndi lamadzulo. Sola imachuluka masana, koma anthu amafuna magetsi kwambiri akaweruka, dzuwa likulowa. Ku California, oyendetsa gridi anajambula chithunzi cha zimenezi mu 2013 ndipo chinatchuka chifukwa chimaoneka ngati bakha: mimba yolendewera masana pamene masiteshoni ena sakufunika, khosi lalitali madzulo pamene ayenera kudzuka onse m'maola ochepa. Pofika 2024, California inali ndi mabatire opitirira mamegawati 10,000, omwe amamwa magetsi a masana n'kuwatulutsa kukamada. Ambiri amagwira pafupifupi maola 4. Kwa bakha uja, n'zokwanira ndithu.

Koma sindingakunamizeni kuti batire lathetsa zonse. Maola 4 si sabata. Kumpoto kwa Europe, m'nyengo yozizira kumabwera masiku angapo otsatizana opanda dzuwa lenileni komanso opanda mphepo, amene Ajeremani amawatcha Dunkelflaute. Masiku amenewa amafuna zina: madamu osunga madzi, masiteshoni opopera madzi pamwamba pa phiri magetsi akachuluka n'kuwatsitsa akachepa ngati Dinorwig ku Wales ndi Ingula ku South Africa, magetsi ochokera kwa oyandikana nawo, ndipo pakali pano masiteshoni a gasi amene amakhala chire n'kuyatsidwa pa masiku ovutawo. Kufika pa theka, ngakhale kupyola, ndi zinthu zimene zachitika kale: Denmark imapeza magetsi oposa theka kuchokera ku mphepo ndi dzuwa, mothandizidwa ndi nthambo zoilumikiza ku Norway, Sweden ndi Germany. Chigawo chotsiriza chopita ku 100 ndiye cholimba, ndipo ndi chimene chidzadye ndalama zambiri.

Mukandifunsa chimene chikuchedwetsa zinthu kwambiri, ine ndinena nthambo. Mphepo yamphamvu ndi dzuwa loswa mtengo kawirikawiri sizipezeka kumene kuli mizinda ndi mafakitale. Ndipo malo ndi ofunika zedi, chifukwa liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu. Ndiye makina amapita kumene kuli mphepo, magetsi n'kufuna njira yobwerera. Munda wa sola umatha kumangidwa m'chaka chimodzi, koma nthambo yaikulu imatenga zaka zambiri, chifukwa imadutsa pamalo a anthu ambiri ndipo aliyense ayenera kukambirana naye. Ku Kenya, munda wamphepo wa Lake Turkana, wa makina 365 ndi mamegawati 310, unatha kumangidwa mu 2017, koma nthambo ya makilomita oposa 400 yoti itenge magetsiwo inachedwa mpaka 2018. Makina ali chiimire, mphepo ikuomba, magetsi osapita kulikonse, ndipo boma linayenera kulipira chifukwa cha kuchedwako. Ku Germany, nthambo ya SuedLink ya makilomita pafupifupi 700, yotenga magetsi amphepo kumpoto kupita kumafakitale a kumwera, inkayembekezeka kutha mu 2022, koma inachedwa ndi zaka zambiri, makamaka atasankha mu 2015 kuti ikwiriridwe pansi chifukwa anthu anakana nsanja. Pakali pano makina amphepo kumpoto amaimitsidwa nthawi zina kwinaku masiteshoni ena akuyatsidwa kumwera. China inatenga njira ina: nthambo ya Changji mpaka Guquan, imene inayamba ntchito mu 2019, ndi yotalika makilomita oposa 3,000 ndipo imatha kunyamula mamegawati 12,000.

Nthambo sizikongola pachithunzi ngati munda wa mapanelo onyezimira, ndipo palibe amasangalala nsanja ikaima kuseri kwa nyumba yake. Koma walira mvula walira matope. Amene tikufuna magetsi oyera tiyenera kufunanso nsanja, masiteshoni ang'onoang'ono, malipiro oyenera kwa eni malo, ndi akatswiri okhala m'chipinda choyang'anira gridi usiku wonse.

Mbali ina yotchipa imene imaiwalika ndi ya ife ogwiritsa ntchito. Kupopa madzi, kutenthetsa madzi osamba, kutchaja galimoto zamagetsi, zonsezi zingathe kuchitika masana pamene magetsi asefukira, ngati mtengo wake utatsika pa maola amenewo.

M'kalasimo, aphunzitsi, yesani izi. Tembenuzani njinga miyendo m'mwamba, zungulitsani tayala lakumbuyo, mwana mmodzi aliimitse ndi buleki pang'onopang'ono, ena awerenge masekondi. Kenako mangirirani zolemera kuzungulira limu mofanana mbali zonse, mubwereze pa liwiro lomwelo ndi kugwira komweko. Aona kuti lolemeralo likukana kuima msanga. Mukatero atengereni pamene pali panelo laling'ono lolumikizidwa ku babu, mmodzi aliphimbe ndi katoni, aone mmene babulo likuzimira nthawi yomweyo. Ndiyeno afunseni kuti pakati pa panelo ndi babu angaikepo chiyani kuti lisazime, ndipo chinthucho chingagwire kwa nthawi yaitali bwanji. Mudzandilembere zimene adzayankhe.