Kwa achimwene ofuna R6 yoyendera pakati pa Lilongwe ndi Blantyre

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwayenda pa njinga yamoto ya Boxer 150 kwa zaka zitatu, tsopano mwapeza Yamaha R6 ya 2012 ku Johannesburg pamtengo wabwino, ndipo mukufuna kudziwa ngati mungamapite nayo kuntchito mu Lilongwe muno, kumapeto kwa mwezi n'kumathamangira ku Blantyre, nthawi zina mutanyamula alamu athu kumbuyo. Anzathu ena akuyankhani kale kuti gulani basi, ndi chilombo. Zoti ndi chilombo sakunama. Koma ine ndinakhalapo ndi njinga ya 600cc ya gulu lomweli, ya masilinda anayi, kwa zaka ziwiri, ndipo msewu mukunenawo ndinauyenda nayo kambirimbiri. Ndiye ndiloleni ndikuuzeni zimene thupi langa linaona.

Pa Boxer mumakhala ngati muli pampando wa m'nyumba, msana uli chilili, mapazi ali pansi pa mawondo. Pa R6 zimenezo iwalani. Chishalo chake chili mamilimita 850 kuchoka pansi, pamene mahandulo anamangiriridwa kumafoloko, cham'munsi, ndipo zopondera zili m'mwamba komanso cham'mbuyo. Mukakwera, thupi limagwadira kutsogolo, mawondo amapindika kwambiri, ndipo kuti muone msewu muyenera kudzutsa mutu wolemedwa ndi helemeti. Anaipanga choncho dala. Kwawo kwa njinga imeneyi ndi pabwalo la mpikisano ngati la Kyalami, pamene wokwera amabisala kuseri kwa kagalasi, kulemera kwake kukutsamira tayala lakutsogolo kuti ligwire bwino pokhota. Pabwalo munthu amathamanga mphindi 20 kapena 30 n'kutsika. Inu mukunena za makilomita pafupifupi 310.

Ine zinkandichitikira motere. Ndikanyamuka mu Lilongwe m'mawa, mpaka pa Nathenje zonse zili bwino. Pofika pa Dedza, mphepo yozizira ija ikulowa m'khosi, kuseri kwa khosiko kwayamba kukoka. Pa Lizulu, pamene pamafunika kuyenda mwakachetechete chifukwa cha anthu odutsa ndi madengu a tomato ndi mbatatesi, zala ziwiri za dzanja lamanja zachita dzanzi, moti ndinkachita kuligwedeza kaye ndisanagwire buleki. Pa Ntcheu ndinkatsika ndikufuna ndisakufuna, ndipo mphindi yoyamba ndinkayenda chowerama ngati ndachokera kopalira. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: njinga zimenezi zimapweteka kwambiri ukamayenda pang'onopang'ono. Ukadutsa makilomita 100 pa ola, mphepo imakukankha pachifuwa n'kukupeputsako manja. Ukatsika kufika pa 40 kapena 50, kulemera konse kumabwerera pamfundo za manja. Tsono werengani nokha misika ndi malo a malonda amene ali pa M1, mahampu, zipata zolipirira za Kalinyeke ndi Chingeni, malodibuloko, mbuzi ndi akabaza. Ndi malo angati amene mungayende liwiro loti mphepo ikunyamuleni popanda kuphwanya lamulo?

Za mphamvu ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndikuona kuti ndi zimene zakukopani. Injini ya R6 ndi ya 599cc ndipo imatulutsa mphamvu yoyandikira 120 hp, pamene Boxer yanu ili ndi pafupifupi 12. Kuchulukitsa kakhumi. Koma mphamvu imeneyo ili kumwamba, cha pa 14,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), ndipo injini imatha kuzungulira mpaka pafupifupi 16,000. Pansi pa 7,000 imakhala ngati ikuwodzera. Mukafuna kupitirira thiraki muli mu giya ya 6, muyenera kutsitsa magiya awiri kapena atatu kuti idzuke. Ikadutsa 10,000 imasintha mawu, imalira mokweza, ndipo msewu umakhala ngati ukukuthamangirani. Kukoma kwake n'kosasimbika, sindikubisirani. Vuto ndi lakuti giya yoyamba yokha imakudutsitsani 100 pa ola. Ndiye kuti pamsewu wathu muzikhala nthawi zonse pamalo amene injini siyisangalala, ndipo tsiku limene mudzafune kuilawa bwino mudzakhala muli paliwiro limene mwana akatulukira m'chimanga simungachitenso kanthu. Dziwaninso kuti R6 ya 2012 ilibe ABS (yoletsa tayala kuuma mukafinya buleki) kapena traction control (yoletsa tayala lakumbuyo kuterereka mukaonjezera moto). Zimenezi zinabwera pa R6 mu 2017. Dzanja limene lazolowera kufinya buleki ya Boxer ndi mphamvu zonse likafinya choncho mabuleki a madisiki awiri pamchenga wa m'mbali mwa tala, tayala lakutsogolo limauma nthawi yomweyo.

Mu tauni muli nkhani ina: kutentha. Masilinda anayi atatsekeredwa m'mapulasitiki amafuna mphepo yodutsa mu radiyeta. Mukaima pamzere wa magalimoto ku Old Town masana a mu Okutobala, fani imayaka n'kumakupemererani mpweya wamoto m'miyendo, ndipo felemu imatentha mpaka kuimva kudutsa jinzi. Kalachi nayo muziigwiragwira mpaka mkono kutopa. Mahandulo sakhota kwambiri, moti kutembenuka pamalo opanikizika kumafuna kubwerera m'mbuyo kawiri mukukankha makilogalamu pafupifupi 190 ndi nsonga za mapazi.

Mashoko ake ndi olimba, anawapangira tala wosalala. Pansi pa njinga pali mpata wa mamilimita pafupifupi 130 okha, ndiye mahampu ena ataliatali muyenera kuwakwera cham'mbali. Ine ndinapinda limu yakutsogolo padzenje limene linabisika ndi madzi a mvula nditangodutsa Balaka, ndikuyenda liwiro wamba. Mpweya unatha pompo, njinga ndinaikweza pa lole, ndipo inakhala milungu isanu m'nyumba ndikudikira limu ina kuchokera kunja. Tayala la 180/55 lakumbuyo simungalipeze pamalo aliwonse ogulitsa masipeya a kabaza, ndipo silikhalitsa ngati la Boxer. Mafuta nawo muwaganizire. Tanki ndi ya malita 17, ndipo yanga inkayenda makilomita 15 mpaka 17 pa lita, ndiye Blantyre simufika osathira panjira. Nthawi imene petulo akusowa, kudalira kuti mukamupeza pa Ntcheu kapena pa Zalewa ndi mtima m'mwamba ulendo wonse.

Za alamu ndinena mwachidule, koma mundimvetse. Kampando kakumbuyo n'kakang'ono ngati chikhatho, kali pamwamba kuposa inu, kalibe pogwira penipeni, ndipo zopondera zake zimawakweza mawondo. Mukagwira buleki, kulemera kwawo konse kumagwera pamsana panu n'kutsikira m'manja aja achita dzanzi kale. Kuchoka ku Area 25 kupita mu tauni n'zotheka. Ulendo wa ku Blantyre musawayese nawo.

Kodi palibe pamene inkandisangalatsa? Palipo ndithu. Kukwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti m'mamawa, tala atauma, msewu uli zii, njinga imeneyi imagona pakhona ngati ikudziwa kale maganizo ako. Ungoyang'ana kumene ukufuna, iyo yapita. Mphindi zimenezo sindidzaziiwala. Koma zinali mphindi zochepa pamwezi, pamene masiku ena onse ndinali pamzere wa magalimoto kapena ndikuzemba maenje.

Nditaigulitsa ndinatenga 400 ya masilinda awiri, ndipo gulu limeneli ndi limene ndikukupemphani muliyang'ane. Kawasaki Ninja 400, imene inayamba mu 2018, ili ndi 399cc, mphamvu cha m'ma 45 hp, chishalo cha mamilimita 785, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 168. Yamaha R3 ndi ya 321cc, cha m'ma 42 hp, chishalo 780. Honda CBR500R ndi ya 471cc ndi 47 hp, yolemererapo koma yofatsa paulendo wautali. Zonsezi maonekedwe ake ndi a mpikisano, mapulasitiki ndi kagalasi zilipo, koma mahandulo ali chapamwamba, moti mumangowerama pang'ono. Zimakoka kuyambira pansi, mumatha kusintha magiya onse n'kumva injini ikugwira ntchito musanafike paliwiro loopsa, ndipo mphamvu yake ndi yoposa katatu ya Boxer yanu. Thiraki mumaipitirira bwinobwino. Yanga imadutsa makilomita 20 pa lita mosavuta. Paulendo wa ku Blantyre nthawi imene ndimafikira siyisiyana kwenikweni ndi kale, chifukwa chimene chimalamula pa M1 ndi msewu, osati injini. Kusiyana kwake n'kwakuti ndikafika ndimatha kukhala pansi n'kudya nsima khosi likutembenuka. Ngati mtima ukufunabe zambiri, Ninja 650 ili ndi 68 hp ndipo kakhalidwe kake n'kofewa. Iliyonse imene mungasankhe, funsani ngati ili ndi ABS, chifukwa zina zinatuluka zopanda.

Mukalimbikira R6 yomweyo, ndalama ndi zanu, ndipo sindikunyozani. Phunzirani kupana tanki ndi mawondo kuti mimba ndi msana zinyamule thupi, zigongono zikhale zomasuka, manja angogwira mopepuka. Pitani kwa makaniko wodziwa mashoko akuchunireni molingana ndi kulemera kwanu, kuti mukakhalapo njinga izitsika mamilimita 30 mpaka 35. Zambiri zogula kwa anthu zimabwera zitamangidwa molimba kwambiri. Mpweya wa m'matayala muziuyeza ali ozizira. Muziima ola lililonse ngakhale musanatope, muzimwa madzi, ndipo m'makutu muziikamo totseka, popeza phokoso la mphepo limatopetsa mutu kuposa mmene mungaganizire. Miyezi yoyambirira musanyamule munthu. Ndipo ndalama ya helemeti yotseka nkhope yonse, jekete yokhala ndi zotetezera, magulovu ndi nsapato zophimba akakolo muipatule musanalipire njinga, osati zikatsala.

Chinanso, popeza ili ku Johannesburg: musatumize ndalama mutangoona zithunzi. R6 zambiri zakale zinathamangapo pabwalo ndipo zina zinagwapo. Munthu wanu akaione ndi maso, ayang'ane zokala kunsonga za mahandulo ndi pazivundikiro za injini, aone ngati mabawuti ena anabooledwa timabowo todutsitsa waya (chizindikiro choti inathamangapo pabwalo), aiyatse injini ili yozizira, ndipo nambala ya pafelemu ifanane ndi ya pamapepala.

Simunatiuze kutalika kwanu. Ngati simufika mamita 1.7, chishalo cha 850 chija chidzakuvutani pamalo aliwonse otsetsereka. Mupemphe mnzathu wina m'gulu muno amene ali ndi 600 akuloleni mukhalepo mphindi 20 injini ili yozima, manja pamahandulo, helemeti kumutu, maso kutsogolo. Loweruka m'mawa ndimakhala ndilipo, mubwere mudzakhalenso pa 400 yanga mphindi zomwezo.